Khoswe Aphunzitsa Nyama Chizungu

Padangotero, chaka china sukulu ya m'mudzi mwa Mkwapatira itatsekera tchuthi, Khoswe amene ankakhala kudenga kwa kalasi anaona zakuda. Masiku onse ankadya zotsala za ana: phala lomata m'makapu, makoko a mbatata, nyenyeswa za zitumbuwa. Tsopano m'kalasi munali zii. Anatafuna choko, chinamuumitsa kukhosi. Anatafuna buku la Chizungu, silinamukhutitse. Nthiti zinayamba kuonekera.

Koma khoswe njala imamunola nzeru. Teremu yonse ankamva mphunzitsi akubwereza phunziro limodzi lomwelo mpaka ana kusasa mawu, ndipo linamukhazikika m'mutu. Chizungu chake chonse chinathera pomwepo, koma anaona kuti n'chokwanira kudyera.

Anatsikira kuthengo, ndipo pansi pa mkuyu anapeza Nungu, Nguluwe ndi Nyani wamkazi ali ndi kamwana kumsana. Onse ankadandaula za njala.

"Inu mukulira njala?" anatero Khoswe. "Simunamve zimene zikubwera? Thengo lino akufuna kulitchinga ndi waya, kuzibwera alendo akunja odzaona nyama. Nyama yolankhula Chizungu aziiponyera buledi ndi nthochi. Yosalankhula, mfuti basi."

Nyani anakumbatira mwana wake. Ana ake ena onse anaphedwa ndi agalu, ndipo anatsala ndi yekhayu.

"Ine zanga zinatha kale," anatero, "koma uyu yekha akhale ndi moyo. Chizungucho tingachipeze kuti?"

Khoswe anasisita kamimba kake. "Chili muno, mayi. Ndinadya buku lathunthu."

Sukulu inayamba tsiku lomwelo. Khoswe anakwera pachitsa, n'kutsokomola ngati mphunzitsi weniweni.

"Mukafuna kunena chinthu chimene mwatsimikiza kuchita koma simunachite, mumayamba ndi I am going to, kenaka n'kuikapo ntchitoyo. I am going to eat, ndiye kuti ndikukadya. I am going to sleep, ndikukagona. I am going to drink, ndikukamwa. Nonse pamodzi!"

Zinyama zikuluzikulu zinakuwa motsatira kanthu kochepa ngati chibakera, mpaka mbalame kuthawa mumkuyu.

"Koma chenjerani," anapitiriza Khoswe. "Chizungu sichigwirizana ndi bodza. Ukanena chimene sukachita, lilime limatupa. Ndipo chiganizo chabwino chimatchula malo ndi nthawi. Zimenezo muzinena m'Chichewa kaye. A Nungu, imirirani."

Nungu anaimirira. "I am going to eat mtedza wanga umene ndinakwirira kuseri kwa chulu, mawa m'mawa."

"Aombereni m'manja!"

Anawomba m'manja, Nungu n'kumwetulira ngati wapambana mayeso. Ataweruka, Khoswe analunjika kuseri kwa chulu, n'kututa mtedza wonse kupita nawo kuuna wake. M'mawa mwake Nungu anabwera akulira kuti wapeza dzenje lokhalokha.

"M'kalasi sitilira," anatero Khoswe. "Mwasokoneza anzanu. Tulukani!"

Nungu anachoka ali wefuwefu ndi njala, kukafuna chakudya kutali, ndipo sanaonekenso.

Mtedza sunachedwe kutha, ndipo Khoswe anayamba kumva nkhuli. Anayang'ana Nguluwe, mafuta ali tikitiki pakhosi, malovu n'kudzaza m'kamwa.

"A Nguluwe, lero ndi inu. Mutiuze mwachimuna."

Nguluwe anali wamutu wouma pamaphunziro, koma wakhama. Anatuluka thukuta, n'kunena kuti, "I am going eat chinangwa m'munda mwa a Nasiyani, mawa dzuwa likamatuluka."

"Ha! Ngati munabadwira kunja!"

Masana omwewo Khoswe anathamangira kumudzi kwa Mumandida, galu wamkulu wa alenje.

"Achimwene, nditakusonyezani nguluwe yonona, mungandipatse chiyani?"

"Iwe kakhoswe, usandiseweretse."

"Mawa dzuwa likamatuluka, m'munda mwa a Nasiyani. Ine kachiwindi kokha."

Kutacha, Nguluwe anangofukula tsinde limodzi, agalu n'kumuzinga, alenje ali pambuyo ndi mikondo. Analira mpaka kumveka kutsidya kwa mtsinje. Khoswe anakhala pamwala akuonerera, akupukusa mutu ngati akumva nyimbo yokoma. Mumandida anasunga pangano, ndipo Khoswe anadya chiwindi cha wophunzira wake mpaka mimba kukwekwereza pansi.

Anafika kusukulu misozi ili mbwembwembwe, ndevu zikunyezimira mafuta.

"Mayi Nyani, mnzathu uja watisiya. Ndipo ndikuuzeni chamupha: anaiwala kamawu kaja ka to. Anati I am going eat. Anthu atamva za Chizungu chothyokacho anapsa mtima. Inu mulimbikire, chifukwa cha mwanayu."

Nyani anachita mantha kwambiri, koma maso ake anakakamira pandevu zija. Wolira maliro amauma milomo, nanga aphunzitsi ake akunyezimira bwanji? Anaganiza zoyesa, ngakhale lilime litupe.

"I am going to eat chimanga m'dimba la kumtsinje, masana ano," anatero mosamala.

"Mwakhoza, mayi, mwakhoza!"

Lilime silinatupe. Ataweruka, Nyani sanapite kumtsinje. Anakwera mumtengo wautali pafupi ndi mudzi, mwana ali kumsana, ndipo anaona ndi maso ake Khoswe akunong'oneza galu. Posakhalitsa agalu onse anathamangira kudimba lija, alenje akuwakhwizira. Nyani anagwira mwana wake mwamphamvu.

Tsiku lotsatira anafika pansi pa mkuyu atanyamula mwala waukulu. Anatsitsa mwana pansi kuti azitola nkhuyu. Khoswe atamuona ali moyo anadzidzimuka, koma anakwera pachitsa ngati palibe kanthu.

"Mwadzuka bwanji, mayi? Chimanga chija chinakoma? Tiyeni, chiganizo chalero."

Nyani anakweza mwala. "I am going to phwanya mutu wako, iwe mfiti, pano pomwe, tsopano lino."

Khoswe anayang'ana kuuna, kunali kutali. Anayang'ana kumtengo, nyani amakwera kuposa iye. Ndiye anangoti jowe, n'kukhala pamutu pa kamwana kaja. Kamwanako kanaseka, kuyesa ndi masewera.

Dzanja la Nyani linauma m'mwamba.

"Tsika pamenepo!"

"Nditsikirenji, mayi? Simunamve akuluakulu? Khoswe akakhala pamkhate sapheka."

Nyani anapuma mwamphamvu, n'kuyamba kutambasula dzanja linalo pang'onopang'ono kuti amugwire bwinobwino. Khoswe analiona dzanjalo likubwera, ndipo anadziwa kuti Nyani akadekha chonchi, iye wapita. Anayenera kumuzunguza mutu.

"Chiwindi cha a Nguluwe chinali cholimba, mayi," anatero akunyambita milomo. "Mano akundiwawa mpaka lero."

Dzanja linapitiriza kubwera.

"Ana anu aja anadyedwa ndi agalu, Mumandida akuti anali okoma ngati nkhuku. Akuwakumbukirabe."

Dzanja linaima panjira.

"Ndiye dzulo tinapangana kuti inu akutengeni iwo, koma kamtima ka kamwanaka n'kanga. Kofewa, kotentha. Ndikukamva kakugunda pansi pa mapazi angawa."

Nyani sanaonenso kanthu. Maso anachita mdima, anakuwa, mwala n'kutsika ndi mphamvu zake zonse. Khoswe anali atalumpha kale.

Kamwanako sikanalire n'komwe.

Nyani anagwada, n'kukanyamula, kukagwedeza, kukaika kubere, kukaitana mayina onse amene ankakatchula pokasangalatsa. Khoswe sanathamange. Anayenda mwachifatse mpaka pauna wake, n'kutembenuka pakhomo.

"Chiganizo chinali chabwino, mayi, kamawu ka to munakaikamo," anatero. "Kungoti mwaphonya mutu." Ndipo analowa pansi akuseka, kuseka kwake kukumveka mpaka kuzimiririka.

N'chifukwa chake mpaka lero, nyani mwana wake akafa samutaya msanga. Amayenda naye masiku ambiri, kumusesa ubweya, kumuika pachifuwa, osavomera kuti wapita. Chizungu anachileka, Chichewa anachilekanso, amangokuwa m'mapiri. Waya uja sanabwere, alendo a buledi sanaoneke, koma Khoswe anabwerera kudenga kwake wonenepa, tchuthi chitamukomera kuposa ana onse a sukulu.

Nthano yathera pamenepa. Kaphuleni mbatata ija, ngati aphunzitsi sanaipeze kale.