Tsiku Limene Foni ya Mayi Inakhala Chete

Kalekale, koma makompyuta atafika kale kuchigwa, kunali ana atatu a mimba imodzi: Zuze, Malizani ndi mlongo wawo Esinala. Anapanga pulogalamu yoyang'anira mtsinje, yoti madzi akakwera izitumiza chenjezo pafoni kumidzi ya kumunsi, kumene kunkakhala makolo awo. Koma kompyuta yake inali nkhalamba yotheratu. Magetsi akathima n'kuyakanso, pulogalamuyo inkayamba yaitana zigawo zake zonse chimodzichimodzi, ngati mayina m'kalasi, ndipo chimodzi chikasowa inkakaniratu kutseguka. Munthu ankatha kusamba n'kuvala, iyo ikuitanabe.

Zuze anati, "Mtsinje sudikira zimenezi. Chigawo chiziitanidwa pokhapokha chikafunika." Anakonza, pulogalamu n'kuyamba kutseguka msangamsanga.

Patapita miyezi kompyuta inadzaza, mpaka kusiya kusunga miyezo ya madzi. Malizani anafufuta zonse zimene sizinaitanidwepo chiyambire chilimwe. Mwa izo munali chigawo chotumiza chenjezo chija. Mvula kulibe, akanachiitana ndani? Atayatsanso, pulogalamu inatseguka osadandaula, iye n'kupita kunyumba mtima uli m'malo.

Esinala ndiye ankayenera kuyesa chenjezolo mvula isanayambe. Koma chaka chapitacho atayesa, anthu anathawa pamaliro n'kusiya bokosi panjira, ndipo mayi ake anamukalipira: "Mwanawe, usadzatichititsenso manyazi otere!" Anamvera, sanayese.

Tsiku lina masana kumapiri kunagwa chimvula. Pulogalamu inaona madzi akukwera, inaitana chigawo chake, kuli zii. Pagalasi la kompyuta panangotuluka mawu ofiira, m'chipinda mopanda munthu. Mayi aja anali kudimba, foni ataimangirira pachitenje. Madzi ataphwa anawapeza m'bango.

Ine nkhaniyi imandiwawa, chifukwa mwa atatuwa munalibe waulesi kapena woipa mtima. Pochokera kumanda bambo awo anawaimitsa panjira. "Ana inu, sindingathe kudana nanu nonse. Ndiuzeni mmodzi yekha, amene wandiphera mkazi."

"Ndine, bambo," anatero Zuze. "Ndikanapanda kusintha, pulogalamu ikanakana kutseguka tsiku lomwe chigawo chija chinafufutidwalo, tikanadziwa."

"Ayi, achimwene, chala chinafufuta ndi changa," anatero Malizani.

Esinala anagwada pafumbi. "Ine ndinaopa kukalipiridwa."

Bambo aja akadali chiimire panjirapo, ndipo palibe amene akuwatsogolera kunyumba. Nanga inu omvera, mwa ana atatuwa, bambowa asiye kuyankhula ndi uti?