Nthambi za Mlombwa wa Mlauzi

Kalekale, padali munthu dzina lake Mlauzi. Musayankhe kuti tili tonse, inu abale a bambo anga. Ingomvani.

Mlauzi adali ndi mwana mmodzi, Tsilizani, ndi mtengo umodzi wa mlombwa umene adadzala yekha pakhomo.

Mlauzi adadwala. Abale sadabwere. Adadwalabe. Sadabwere. Atamwalira adabwera onse, nkhwangwa zili paphewa.

Anthu asanamete n'komwe, mng'ono wa malemu, Chimkwende, adagwetsa mlombwa uja.

"Bambo aang'ono, mtengo wa bambo anga uwo," adatero Tsilizani.

"Wa achimwene anga. Thunthu ndikukacheka matabwa. Zinyalalazo ndiye zako, ukawothe moto."

Tsilizani sadalire pamaso pawo. Adalowa m'zinyalalamo ndi chikwanje cha bambo ake. Chidali chilimwe, masamba atayoyoka, mvula ili pafupi.

Nthambi yanthete, adataya. Nthambi yofumbwa, adataya. Adasankha zowongoka, zonenepa ngati mkono, za khungwa losasupuka. Kunsonga adadula mopendeketsa kuti madzi a mvula asadikhepo. Kutsinde adalemba ndi khala, poti bambo ake ankati, "Mtengo suiwala kumene udachokera. Ukauzondotsa umafa."

Utomoni udatuluka wofiira ngati magazi. Adaimika nthambizo pamthunzi mpaka mabala adauma. Kenako adakumba maenje m'malire a munda wa amake, adathiramo phulusa kuopa chiswe, adadzala khumi.

Chimkwende adaseka. "Taonani wamisala uyo, akudzala nkhuni."

Koma umbombo sugona. Adatola nthambi zotsala, zija zotayidwa, n'kukazizika kwake. Zina mutu pansi, zina miyendo m'mwamba.

Mvula idagwa. Za Chimkwende zidaola zonse. Za Tsilizani zidaphuka zisanu ndi ziwiri.

Zaka zidapita, nthambi zija zidasanduka mitengo. Matabwa aja adatha. Chimkwende adabweranso, nkhwangwa ili paphewa.

"Mwana wanga, tigawane. Si ndife amodzi?"

"Ndi zinyalala izi, bambo aang'ono, mudandipatsa nokha. Zaima pa nthaka ya amayi anga. Njira mudadzera ndi yomweyo."

Adabwerera. Nkhwangwa idamulemera.

Wolanda amanyamula thunthu, thunthu limatha. Moyo wa mtengo umatsala ndi amene ankayang'ana manja a bambo ake.

Inu dzulo mudagwetsa mlombwa wa bambo anga, manda asanaume. Nthambi zili kuseri uko, pamthunzi, ndazilemba kale ndi khala. Wina ayerekeze kuzikhudza.

Nthano yanga yathera pamenepa. Njira mukuidziwa.