Malaya Achikasu Pamzere

Munthu ataphedwa kuseri kwa msika, Mayi Nasibeko, ogulitsa kaunjika, anangoona msana wa wina akuthawa mvula ikugwa. Koma a Chimphepo, mkulu wa apolisi, anali atagwira kale bambo wina wa kabaza, ndipo ankafuna mboni.

"Mawa timuimika pamzere ndi amuna ena," anatero. "Mudzaloze wa malaya achikasu. Mukakana, benchi lanu ndilichotsa mumsika muno."

"Ndamva, bwana."

Mayiwo ankadziwa kuti amuna odzazira mzere apolisi amawatola mumsika momwemo. M'mawa anamasula belo la malaya achikasu okhaokha, omwe sankayenda malonda, n'kugawira ulere mwamuna aliyense wodutsa.

A Chimphepo atalowa m'chipinda cha kupolisi ndi loya wa womangidwayo, anapeza amuna asanu ndi anayi, onse achikasu ngati nthochi zakupsa.

"Lozani amene munamuona, mayi," anatero a Chimphepo.

Mayi Nasibeko anayenda mzere wonse, n'kubwerera.

"Bwana, dzulo munati wa malaya achikasu. Ndiye uti mwa awa?"

Loya anatulutsa cholembera.

"Sindinanene zimenezo," anatero a Chimphepo. "Munthuyu ndi wosasowa. Ndakhala ndikumufunsa mafunso masiku atatu. Si uyu?" Anagwira phewa la wachitatu pamzerepo.

"Ayi, bwana," anayankha bamboyo mwaulemu. "Ine ndine Fulaitoni, ndimakutsukirani galimoto Loweruka lililonse."

Mayi Nasibeko anamanga bwino chitenje chawo.

"Mwaonatu, bwana. Inu mwamuyang'ana nkhope masiku atatu. Ine ndinangoona msana."