Phazi la a Yotam Sakala

Pakhonde pa a Yotam Sakala ku Katete panali chinthu chimodzi chimene munthu sankayerekeza kuchigwira, ndicho njinga ya magiya imene anagula atangopuma pa ntchito yauphunzitsi. M'mawa uliwonse ankaipukuta ndi kansalu, kenako n'kudontheza mafuta pa tcheni mosamala ngati akuthira mankhwala m'diso. Akazi awo, amayi Veronica, ankangopukusa mutu.

"Zaka makumi atatu tili pabanja, simunandipukutepo nkhope chotero," ankatero.

"Inu simuchita dzimbiri, amake Grace," ankayankha a Yotam osatukula mutu.

Loweruka lililonse bamboyu ankatsogolera kagulu ka opalasa njinga, aphunzitsi anayi, namwino ndi kalaliki wina wa ku boma. Njira ankasankha ndi iwo. Tsiku lina ankadzera ku Mkaika n'kubwerera m'madimba, tsiku lina n'kulowera cha ku Sinda kudutsa m'minda ya mpendadzuwa, mapiri akuoneka chapatali. Ankadziwa pamene pali mchenga, mlatho wothyoka ndi mudzi wa agalu olusa. Anali munthu wabwino mtima, wosaumira, koma anali ndi kamatenda kake: ankanyadira kuti akakwera njinga phazi lawo siligunda pansi mpaka atabwerera pakhomo. Foni ankaimangirira pa chiwongolero kuti iziwerenga mphindi, ndipo mnzawo akapempha kupuma yankho linali limodzi lokha, "Iyayi, nili pa taimu!"

Lachisanu lina m'mwezi wa Juni ananyamuka okha kukayesa njira yatsopano yolowera cha ku Vubwi. Anavala chisoti, magalasi akuda ndi kabudula wothina amene amayi Veronica ankamutcha chochititsa manyazi mpingo. Mphepo inali kumbuyo, njinga ikungouluka, ndipo foni inkaonetsa kuti lero aposa masiku onse. Atafika pa mudzi wa Mtenthera, pafupi ndi mtengo waukulu wa mango, anaona nthambi zaziwisi zitayalidwa mumsewu.

Palibe wobadwira kuno amene sadziwa tanthauzo la nthambi zotero. Pamudzi pagwa maliro. Wa galimoto amachepetsa liwiro, wa chipewa amavula, wa njinga amatsika n'kuikankha mpaka atadutsa nthambi za tsidya linalo. A Yotam ankazidziwa zimenezi kuyambira ali mwana. Anayang'ana nthambizo, anayang'ana foni, foniyo n'kupambana.

Mayi wina amene ankachokera ku mjigo atasenza ndowa anaima pakati pa njira. "Bambo, tsikani. Kuno kuli zovuta."

A Yotam analiza belu n'kumulambalala. "Pepani amai, wakufa sathamanga. Ine nili pa taimu!"

Madzulo anafotokozera akazi awo nkhaniyo akuseka, koma anaseka okha. Amayi Veronica anaika pansi mpeni umene ankadulira repu. "Mwanena mawu amenewo pamaliro a eni? Mawa lomweli mubwerere mukapepese."

"Andidziwa ndani? Ninavala chisoti na magalasi."

"Pakamwa panalibe chisoti," anatero mayiwo, n'kupitiriza kudula ndiwo zawo.

Panapita miyezi itatu. A Yotam anali ndi mphwawo, Lucky, mwana wa malemu mlongo wawo, amene anamulera kuyambira ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Tsopano anali mnyamata wamkulu wowotcherera zitsulo pamsika, ndipo mtima wake unali utagwera Pempho, mtsikana wosoka zovala pafupi ndi siteshoni ya maminibasi. Ofunika kukafunsira mbeta anali malume ake. A Yotam anavala suti ya ku tchalitchi, nabwereka galimoto ya mnzawo, Lucky n'kumalozera njira. Atangoona mtengo wa mango uja ndi mjigo, a Yotam anazindikira kuti afika pa Mtenthera. Anadzilimbitsa mtima kuti munthu wa suti ndi wa kabudula ndi anthu awiri osiyana.

Lucky anatsala m'galimoto monga mwa mwambo. A Yotam anawalandira a Christopher Tembo, malume ake a Pempho, bambo wofatsa wa maso otopa. Pamphasa chapambali panakhala mlongo wawo, amayi Elina, amake a mtsikanayo, ndipo a Yotam atawayang'ana kamodzi anayamba kuwerenga nyerere pansi. Anali mayi wa ndowa uja.

Zonse zinkayenda bwino. Palibe anawazindikira. Koma a Christopher sanali munthu wothamangira nkhani. Anafunsa za ku Katete, za ana, za matenda a ng'ombe, za mvula ya chaka chatha ndi ya chaka chinacho. Ola linatha, mutu wa nkhani usanakhudzidwe. A Yotam anasuzumira wotchi kawiri, ndipo kachitatu pakamwa panatseguka pokha.

"Pepani akuluakulu, mwina tilowe m'nkhani. Nili pa taimu."

Amayi Elina anatukula mutu pang'onopang'ono. "Tabwerezani mawuwo, bambo."

A Yotam anabwerera ku nyerere zawo zija.

"Achimwene, ndi awa," anatero mayiwo. "A Nili-pa-taimu aja ndi awa. Mawu amenewa sindingawaiwale."

Apa m'pamene a Yotam anadziwa kuti m'mudzi muno anali ndi dzina kale. Anthu ankalitchula ku mjigo, ku chigayo, ngakhale pothamangitsa mbuzi. Anadziwanso china cholemera kuposa pamenepo: maliro a tsiku lija anali a akazi awo a Christopher.

A Christopher sanakweze mawu. "Munanena zoona, aphunzitsi. Wakufa sathamanga. Nafenso otsalafe sitithamanga. Nkhani mwabwererayi tidzaiona tsiku lina."

Aliyense amadziwa kuti tsiku lina lotere limatha kufika munthu atamera imvi. Pobwerera, a Yotam anaulula zonse. Lucky sanakalipe, ndipo bwenzi zitapepuka akanakalipa. Atafika pa msewu wa tala anangoti, "Amalume, ine nilibe wina wokanikambira. Ndimwe mweka." Mawu amenewo anawalasa a Yotam kuposa chitonzo chilichonse, pakuti mnyamatayu ankamukonda ngati wobereka okha.

Loweruka limenelo kagulu kanapalasa popanda mtsogoleri. Njinga inagona fumbi masiku anayi. Tsiku lachisanu amayi Veronica anagwira tambala wawo woyera n'kumumanga miyendo.

"Nyamukani," anatero. "Galimoto ayi, suti ayi. Munalakwa muli awiri ndi njinga yanuyi, mukapepesenso muli awiri."

Njinga ya magiya ilibe kaliyala, choncho a Yotam anamasula foni pa chiwongolero n'kumangapo dengu la tambala. Wotchi anaisiya patebulo. Atafika pa mtengo wa mango panalibe nthambi ina iliyonse, koma anatsika, navula chisoti, nayamba kukankha. Mchenga wa Seputembala unkatentha, tambala akulira, ndipo amayi a pa mjigo anasiya kupopa n'kumakodolana. Wina ananena mokweza kuti, "Taonani, a Nili-pa-taimu ali ndi miyendo!" A Yotam anapereka moni pakhomo lililonse mpaka kukafika kwa a Tembo.

Anawapatsa mpando koma anakhala pansi. "Ndabwera kudzapepesa maliro amene ndinawadutsa," anatero, Chinyanja cha m'tauni chitawathawa. "Nthambi ndinaziona, mwambo ndimaudziwa, mayi awa anandiuza. Ndinalankhula ngati wopanda kwawo. Za mphwanga sindinabwerere lero. Ndingofuna mundiuze, malemuwo dzina lawo anali ndani?"

A Christopher anawayang'ana m'maso. "Monica," anatero. Ndipo anayamba kufotokoza. Anasimba momwe anakumanirana pa msonkhano wa mpingo, momwe mayiyo ankaimbira, ndi momwe ankakanganira chaka chilichonse za tsiku lokumba mtedza. Ananenanso kuti Monica ankakonda kukwezedwa pa kaliyala popita ku chigayo, ndipo ankakuwa pa chitsikira chilichonse ngati kamtsikana. Pamenepo anaseka, kenako anapukuta m'maso. A Yotam anamvetsera. Dzuwa linachoka pamutu n'kupendeka, iwo osayang'ana padzanja ngakhale kamodzi.

Amayi Elina anabwera ndi thobwa m'chikho. "Imwani msanga, aphunzitsi, mungachedwe."

"Lero ndilibe kopita, mayi."

"Ha! Achimwene, mwamva? Taimu yatha!"

Onse anaseka, ndipo a Yotam anaseka nawo misozi ili m'maso. Powaperekeza, a Christopher anagwira chishalo cha njinga ija n'kunena kuti, "Loweruka likubwerali mubwere. Mnyamata wanuyo asadzatsalenso m'galimoto, tidzamuone nkhope." Amayi Elina analoza mumchenga, momwe mapazi a mlendoyo anandandalika pambali pa mzere wa matayala kuchokera ku mtengo wa mango. "Tsiku lija tinasesa mawu okhaokha," anatero. "Lero ndiye tikuona kuti padutsa munthu."

Ukwati unachitika mvula isanagwe. Njira ya ku Mtenthera inalowa m'ndandanda wa kagulu kaja, ndipo mpaka lero akafika pa mtengo wa mango onse amatsika n'kukankha, a Yotam patsogolo, kukamwa madzi kwa a Tembo. Dzina lokha ndi limene linakana kuchoka. Ngakhale amayi Veronica, chakudya chikapsa, amaima pakhomo n'kuitana kuti, "A Nili-pa-taimu, bwerani chisanazizire!" Bamboyo amabwera akumwetulira, pakuti anaphunzira ndi thukuta lawo zimene akale ananena: ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata.