Mphesa za Bonaventure

Bonaventure adali khukhi wa mzungu wina ku Area 9, zaka zija likulu litangosamukira ku Lilongwe. Ntchito ankaidziwa, tisamunamizire. Dzira ankalikazinga mmene bwana ankafunira, ndipo alendo a pakhomopo ankachoka akunyambita zala. Koma munthuyu adali ndi nthenda imodzi: sankafunsa. Chimene waona ndi maso kunyumba ya azungu ankachitola, n'kuchimasulira yekha, n'kupita nacho ngati lamulo ku Mchesi kumene kunkakhala banja lake. Kufunsa adona, akazi a bwana, kanthu ankakuona ngati kudzivula ukhukhi.

Chaka chimenecho bwana wake adadwala malungo aakulu, mpaka adagonekedwa m'chipatala sabata ziwiri. Bonaventure ndiye ankapititsa chakudya masana. Ali komweko adaona chinthu chimene chidamukhala mumtima. Mzungu aliyense wobwera kudzazonda wodwalayo ankanyamula kaphukusi ka mphesa. Osati nyama, osati mazira, mphesa basi. Bwana atachira n'kubwerera kunyumba akuyenda ndi miyendo yake, Bonaventure adangogwedeza mutu. Mumtima adati wagwira chinsinsi chimene azungu amabisa.

Ku Mchesi kudali mwana wake wamkazi, Ursula, wa zaka ziwiri. Mayi ake, Consolata, adamuletsa kuyamwa msanga chifukwa adali ndi pathupi pena, ndipo kuyambira pamenepo mwanayo ankakhalira phala lamadzimadzi la ufa woyera. Tsitsi lidayamba kufiira ndi kuthothoka. Kusewera adasiya, ankangokhala pamphasa n'kumalira motsitsa. Consolata adapita naye kusikelo, ndipo namwino sadamubisire mawu. Adati mwanayo akusowa zakudya zomanga thupi: nyama, mazira, usipa, nsinjiro m'phala. Zipatso n'zabwino, adatero, koma ntchito yake ndi ina. Sizingamange thupi limene layamba kugumuka.

Mwayi udali pakhomo pomwepo. Loweruka lililonse Bonaventure akamaweruka, adona ankamupatsa zotsala za m'firiji, ndipo kawirikawiri mumakhala tizidutswa ta bekoni, nyama ya nkhumba yowamba ija azungu amadyera mazira m'mawa. Consolata adati aziiviika m'madzi kuti mchere uchoke, aziisinja, n'kumaithira m'phala la mwana. Mwamuna wake adaseka chikhakhali.

“Make Ursula, unayamba waona mzungu akupititsira wodwala bekoni? Ine ndaona ndi maso angawa. Bekoni ndi ya anthu abwinobwino. Wodwala amachira ndi mphesa. Nanga vinyo wa pa Misa amachokera ku chiyani?”

Consolata adayesa kunena kuti mawuwo sadali ake, adali a namwino. Adayankhidwa kuti namwinoyo sadapondepo m'khitchini ya mzungu. Nkhani idathera pomwepo, chifukwa pakhomo paja mawu a bambo sankabwezedwa.

Tsono Bonaventure adapangana ndi khukhi wa nyumba yoyandikana, amene bwana wake ankakonda mphesa zochokera ku Joni. Loweruka likafika, bekoni inkadumpha mpanda kupita uko, mphesa zothothoka pa tsango n'kudumpha kubwera kuno. Mnzakeyo sadatsutse kanthu. Angatsutse bwanji pamene ana ake ankadya nyama sabata ndi sabata? Bonaventure ankakulunga mphesazo m'kansalu koyera, n'kuzinyamula ulendo wonse mosamala ngati wanyamula mazira.

Ursula ankazikonda, pakuti zinkatsekemera. Ankayamwa madzi ake, n'kulavula makoko, phala n'kulikankha ndi dzanja. Atate ake ankati, “Waona, thupi lake likudziwa mankhwala.” Mwana atayamba kutsegula m'mimba, adati ndi matenda akutuluka.

Padali mayi wina woyandikana nawo nyumba, dzina lake Sauda, amene ankagulitsa usipa mumsika wa ku Old Town. Tsiku lina adakumana ndi Bonaventure pachipata cha msika, akubweza khadi la chipani m'thumba atalionetsa kwa olondera. Sauda adamukokera pambali, nalankhula motsitsa mawu.

“Achimwene, ine ndine Msilamu, nkhumba sindiyandikira n'komwe. Koma mwana wanu uja ndamuona, akutha ndi njala ali ndi makolo. Ngati nyamayo mwaikana, tengani usipawu akasinjire m'phala. Zipatso zokha sizilera mwana.”

Bonaventure adalandira usipawo ndi manja awiri, adathokoza mwaulemu. Atafika kunyumba adalamula kuti uphikidwe ndiwo za akulu, chifukwa mankhwala achizungu, adatero, sasakaniza ndi zinthu zamumsika. Consolata ankabisa pang'ono n'kumayesa kumudyetsa mwana pakati pa sabata bambo ali kuntchito, koma nthawi idali itatha. Kakamwa kaja kadali katakana chilichonse chosatsekemera.

Loweruka lina Bonaventure adafika n'kupeza masaya a Ursula atadzaza, mapazi ndi manja zili zonenepa. Adakondwa zenizeni, ndipo apa mpamene nkhaniyi imandiwawa mtima. Adamunyamula m'mwamba, n'kumauza aliyense wodutsa kuti aone ntchito ya mphesa. Consolata adangodina phazi la mwanayo ndi chala, ndipo atachotsa chalacho padatsala dzenje losabwerera. Mayiyo adalowa m'nyumba akulira. Mwamuna wake adati akazi apakati sachedwa kugwetsa misozi.

Lachitatu lotsatira Ursula adalefuka, osatha ngakhale kulira. Consolata sadadikirenso chilolezo cha munthu. Sauda adasiya usipa wake mumsika, adamubereka mwanayo, ndipo awiriwo adathamangira kuchipatala. Adokotala adayesa zimene akadatha, koma adawauza kuti abwera mochedwa. Lachisanu m'mawa Ursula adatsikira kuli chete. Uthenga udamupeza Bonaventure ali pachitofu, akukonza chakudya cha m'mawa cha bwana.

Maliro adakaika kumudzi, cha ku Mitundu. Patapita masiku Bonaventure adabwerera kuntchito, mutu uli wometedwa, thupi litatha. Adona, amene ankalankhula Chichewa chothyokathyoka, adamuitana pakhonde n'kumufunsa chifukwa chimene sadanenere kuti mwana akudwala. Iye adayankha kuti sadafune kuwavutitsa, poti mankhwala ake adali atawadziwa kale. Adafotokoza zonse, za mphesa zimene adaona bwana ali m'chipatala, za mpanda, za kansalu koyera. Ngakhale pamenepo ankalankhula ngati munthu amene adachita zonse zoyenera, koma Mulungu n'kukana.

Adona adakhala pansi, dzanja lili pakamwa.

“Bona, mphesa si mankhwala. Kwathu ndi mwambo chabe, ngati kupatsa wodwala maluwa. Muli madzi ndi shuga, ndi zina pang'ono zoteteza thupi. Bwana adachira ndi jakisoni. Mphesa zija zambiri sadadye n'komwe, ankapatsa anamwino.”

Adapitiriza kunena kuti bekoni nayo si chakudya chabwino kwenikweni kwa mwana, ili ndi mchere ndi mafuta ochuluka, komabe ndi nyama, ndipo ikadamuthandiza kuposa mphesa dengu lonse. Akadadziwa, adatero, akadamupatsa mkaka ndi mazira tsiku ndi tsiku, akadamutengera mwanayo kuchipatala pa galimoto. Kenaka adamuyang'ana, misozi ili m'maso.

“Bwanji sunandifunse?”

Miyezi iwiri yathunthu Bonaventure adali akuima pafupi ndi mayi ameneyu m'mawa uliwonse, kumufunsa ngati nyama aiphike yofewa kapena youma, ngati alendo abwera angati. Funso limodzi lokha lokhudza moyo wa mwana wake ndi limene lidamulemera. Adakhala pansi pakhondepo, atavala yunifolomu yake yoyera, n'kuyamba kulira ngati kuti maliro achitika tsiku lomwelo.

Mwana wake ankamukonda, zimenezo palibe angakane. Mtunda wonse uja ankauyenda ndi chikondi, atanyamula chinthu chimene sadachimvetse. Wosamva adali bambo, koma wogona m'manda ndi mwana wosalakwa. Akuluakulu sadaname pamene adati safunsa adadya phula.