Maluwa oyera kuseri kwa nkhokwe

Ana inu, mwambi woti "mlandu suwola" munaumvapo. Ena amati ndi wa makolo akale, ndipo sinditsutsa. Koma kwathu kuno, kumapiri a ku Dedza, mukafunsa komwe unachokera adzakulozerani nyumba yanga. Ine ndine Yotamu. Sukulu ndinalekera Sitandade 4, choncho ndilemba monga ndimayankhulira.

Ndinakulira m'manja mwa malume anga, a Chimbalanga, amene anali mwini mbumba yathu. Iwo anagwirapo ntchito yosamala maluwa kwa mzungu wina, ndipo atabwerera kumudzi anatsegula dimba la maluwa. Maluwa ake anali aja omera kuchokera ku mitu yooneka ngati anyezi. Maluwa akafota tinkakumba mituyo n'kuisunga m'madengu a phulusa mpaka nyengo yodzala.

Mwezi wa Okutobala, mitambo ikayamba kuunjikana, inali nthawi yosankha. Mutu uliwonse unkafinyidwa ndi chala chachikulu: wolimba kudengu, wofewa kudzala. Popeza mitu yonse imafanana, dengu lililonse linali ndi kansalu kosonyeza mtundu wa maluwa ake pa chogwirira, kofiira, kachikasu kapena koyera. Dengu la kansalu koyera ndilo linali mtima wa malume. Mbewu imeneyo anaisiya malemu akazi awo, a Nankhoma, ndipo maluwa ake ankanunkhira mpaka kumsewu. Lamulo lomwe ankatiuza tsiku ndi tsiku linali limodzi: mitu ikanyowa m'dengu imawola.

Tinkawathandiza anthu awiri, ine ndi alamu anga a Laitoni, amuna a mlongo wanga Felesiya. A Laitoni anali mkamwini wofatsa, wosadziwa kukweza mawu. Maso a malume anali atayamba kuchita khungu, ndipo ankakonda kunena kuti chala cha mkamwini chimaona kuposa maso anga awiri. Anthu ankaseka. Inenso ndinkaseka, koma mawuwo ankandiwawa.

Tsiku lina titamaliza kusankha tinayanika madengu pathandala kuti apitidwe mphepo. A Laitoni anakwera njinga kupita kumsika ndi kabichi. Malume analowa m'nyumba kukagona, atandiuza kuti ndikangomva bingu ndilowetse madengu. Ine ndinaona kuti kumwamba kudakali koyera mbali imodzi, ndiye ndinapita kukasewera bawo pansi pa mtengo wa kachere.

Mvula ija inabwera ngati yokwiya. Mphepo inasasula udzu pamadenga, matalala akugwa ngati miyala. Ndinathamanga, ndinalowetsa dengu lofiira, ndinalowetsa lachikasu. Pobwerera ndinapeza loyera litagwa pansi, mitu ili mbwee m'matope, phulusa lasanduka phala.

Apa ndiye pali tchimo langa. Ndikanangogogoda pachitseko n'kunena kuti malume, ndalakwa, akanandikalipira tsiku limodzi basi. M'malo mwake ndinatola mitu yonse anthu adakali m'nyumba kuthawa mvula, ndinakumba dzenje kuseri kwa nkhokwe yanga, ndinakhuthuliramo zonse pamodzi ndi kansalu komwe, n'kukwirira. Dengu ndinaliponya mumtsinje. Mumtima ndinkati yanyowa kale, sabata ziwiri idzakhala itawola, ndipo nkhani idzawolera pomwepo.

M'mawa mwake malume anapapasa madengu napeza awiri. Atandifunsa, ndinayankha kuti pamene mvula inkayamba loyeralo panalibe kale, ndipo ndinaonjeza kuti ndinaona alamu akumanga katundu wambiri panjinga. Sindinanene kuti aba. Ndinangoika mawuwo pansi kuti ena atole.

Anatoladi. Abale anasonkhana pakhonde, a Laitoni atakhala pansi chipewa chili m'manja. A Laitoni anakana kawiri, mofatsa, nati iwo anatenga kabichi yekha. Kenaka anatembenukira kwa ine.

"Alamu, si inu munandigwirira njinga pamene ndinkamanga thumba? Auzeni zomwe munaona."

Ndinayang'ana pansi n'kunena kuti sindinasuzumire m'thumbamo.

Malume sanakalipe. Anangoti munthu wogulitsa mbewu ya malemu sangadye nawo mbale imodzi. Mkamwini alibe mizu pamudzi wa eni. Akauzidwa kuti anyamuke, amanyamuka. A Laitoni anakulunga bulangete ndi malaya awiri napita. Felesiya anali ndi pakati pa miyezi isanu. Anaima pakhomo osalira, akungondiyang'ana.

Mvula inapitirira. Pofika Disembala ndinaona timasamba tasongoka kuseri kwa nkhokwe. Ndinatisadza ndi khasu. Patapita sabata tinatulukanso, tochuluka kuposa poyamba. Ndinaunjikapo mapesi. Ulesi wanga womwe uja unandipusitsa: ndinaloweza theka la lamulo. Mitu imawola ikanyowa m'dengu, koma ukaiika m'nthaka nthawi ya mvula, ndiye kuti wadzala.

Mu Febuluwale ndinadwala malungo, ndinagona masiku asanu ndi limodzi. Tsiku lomwe ndinadzuka ndinamva ndodo ikugogoda pabwalo. Anali malume, Felesiya atawagwira dzanja, mimba ili patsogolo. Ananena kuti akhala akumva fungo la akazi awo kuyambira dzulo, ndipo akufuna adziwe komwe likuchokera. Anayenda motsata mphuno mpaka kuseri kwa nkhokwe yanga. Pamenepo, pakati pa mapesi, panali maluwa oyera oposa makumi atatu, atathithikana malo amodzi ngati anthu obisala.

Malume anagwada, napapasa maluwawo, napisa zala m'dothi. Anatulutsa kansalu kaja, katada koma mfundo yake ili yomwe ankamanga iwo.

"Yotamu, unadzala ndiwe?"

"Sindinadzale, malume. Ndinakwirira."

"Kuti zitani?"

"Kuti ziwole."

Anthu anayamba kusonkhana. Kenaka malume anati, "Mwana wa mlongo wanga, chimawola ndi dengu, chimawola ndi nsalu. Mlandu suwola."

Anandituma ine ndemwe kukawatenga a Laitoni. Ndinayenda masiku awiri mpaka kwawo, koma ndinauzidwa kuti anapita kukagwira ntchito kuminda ya fodya ku Kasungu, ndipo palibe ankadziwa munda wake. Uthenga unawapeza patapita zaka ziwiri. Anabwera, anamuona mwana wawo akuyenda kale, koma malume anali atamwalira osawapepesa pamaso. Ine ndinagwada pabwalo anthu akuona. A Laitoni anandidzutsa n'kunena kuti zatha. Sananditchulirenso nkhaniyo mpaka imfa yawo, koma sanandipemphenso kuti ndiwagwirire njinga.

Kuyambira pamenepo, munthu kwathu kuno akabisa cholakwa poganiza kuti nthawi idzachifafaniza, amamuuza mawu a malume aja. Tanthauzo lake ndi ili: cholakwa sichitha chifukwa chakuti papita masiku, kapena chifukwa chakuti palibe anakuona. Chimadikira mvula yake. Ndipo pamene chikudikira, wina wosalakwa amakhala akusenza katundu wako. Ukalakwa, nena lero, mlandu udakali waung'ono.

Nkhokwe ija inagwa kalekale. Maluwa aja ndayesa kuwakumba katatu konse, koma nthawi zonse kamutu kena kamatsalira m'nthaka. Chaka chino atulukanso. Adzukulu a Felesiya amabwera kudzathyola, ndipo akandifunsa amene anawadzala, ndimawakhazika pansi n'kuwauza zomwe ndakuuzani inuzi. Mlandu suwola.