Phiri la a Lufeyo Linali Kuseri kwa Uvuni

“Hmm-hmm. Ndani waika thumba lake panjira ya eni chigayo? Chotsani, chotsani, mukufuna ndilumphe ngati mwana?”

Umu ndi mmene a Lufeyo Chinkhadze ankalowera pachigayo chawo pamsika wa Kadzala. Mawu awo ankachokera pansi penipeni ngati ng'oma yaikulu. Kayendedwe nako kanali kakekake. Mimba inkayamba kufika, eni ake n'kumabwera pambuyo, mwendo uwu pendaa, winawu pendaa, manja atatambasuka ngati nkhuku yomva kutentha. Akuti ukapereka moni kwa mimbayo m'mawa, eni ake ankadzayankha dzuwa lili paliwombo.

Kuchoka kunyumba kwawo kufika pachigayo panali pongoponya mwala, koma a Lufeyo ankakwera kabaza. Njinga inkalira ngati mbuzi yopita kumsika, wopalasa mitsempha ili tolotolo m'khosi. Anthu sankaona cholakwika. Kwathu kuno mimba ndi umboni woti munthu zake zikuyenda, woonda ndiye amafunsidwa ngati akudwala.

Tsiku lina ali pampando wawo anaona mdima masanasana, m'makutu muli ngati mwalowa njuchi. Kuchipatala adokotala anawamanga lamba pamkono, n'kupukusa mutu.

“Bambo, magazi anu akuthamanga kwambiri. Mankhwala ndikupatsani, koma paokha sakwanira. Muziyenda pansi tsiku lililonse mpaka thukuta lituluke. Mukapanda kutero, tsiku lina mudzagwa, mbali imodzi ya thupi n'kufa.”

A Lufeyo anagwidwa ndi mantha. Bambo awo anagwa chomwecho, ndipo anakhala zaka pamphasa, pakamwa patapotoka, akuchita kumwetsedwa phala. Mphasa imeneyo a Lufeyo ankaiopa kuposa manda. Koma pofika kunyumba mantha aja anali atawabisa pansi pa mawu aakulu.

“Kuyenda basi? Mayi a Tiyese, ine kale ndinkagwira gwape ndi manja. Mawa ndikafika kuphiri n'kubwerako inu musanathe kusesa pabwalo.”

“Chabwino bambo a Tiyese,” anatero akazi awo, a Nankhoma. “Ife maso tili nawo.”

Anagula nsapato zoyera mbee pakaunjika, ndipo m'mawa mwake anauyamba ulendo. Koma anaiwala chinthu chimodzi. Kwathu munthu sangoyenda. Amapita kumunda, kumaliro, kumsika, ngakhale kumowa, koma amakhala ndi kopita. Asanafike patali anakumana ndi mayi wina wochokera kumjigo.

“Mwadzuka bwanji bwana? Ulendo wa kuti m'mawa muno?”

“Ndikungoyenda.”

“Inde, koma kuti?”

“Kulibe. Kungowongola miyendo.”

Mayiyo anatula ndowa pansi. “Koma kunyumba n'kwabwino?”

Pambuyo pawo anyamata a kabaza anali atandanda ngati akuperekeza maliro. “Bwana, kwerani ulere. Mavuto sasankha, musachite manyazi.”

Pofika masana msika wonse unali utamva kuti chigayo chagwa. Ena ankati a Nankhoma awathamangitsa. Ena ankanong'ona kuti ndi chizimba cha chuma, sing'anga anawalamula kuti aziyenda opanda kopita. Agogo ena anafika pakhomo kudzapepesa osadziwa chimene akupepesa.

A Lufeyo anaganiza nzeru. Anayamba kumanena kopita. “Ndikukaona achimwene kutsidya.” Ndipo poti anena, ankayenera kukafikadi. Koma mlendo wamkulu chotere angalandiridwe ndi madzi okha? Ankawaikira mpando, thobwa m'chikho chachikulu, mbatata mbale yodzaza, nthawi zina tambala n'kutaya moyo. Kukana n'kunyoza eni khomo. Potsazika, eni khomo ankati, “Abwana sangabwerere pansi ife tilipo,” n'kuitana kabaza. Mwezi usanathe, lamba wa buluku anafuna boo lina, ndipo atambala a m'mudzimo akangoona nsapato zoyera ankathawira kuthengo.

Komatu mdani weniweni sanali ofunsa mafunso aja. Anali m'bulangeti. M'mawa uliwonse bulangeti linkalemera ngati thumba la mphale, ndipo kamawu kena kankati, “Lufeyo, phiri silithawa, mawa lilipo.” Panjira panalibe wowadikira. Akapita palibe woyamikira, akapanda kupita palibe wodandaula. A Nankhoma okha ndiwo ankawagwedeza phewa, ndipo kuti amayiwo asalankhule zambiri, a Lufeyo ankavala nsapato n'kutuluka.

Kumapeto kwa mudzi kunali uvuni wakale wa njerwa, udzu utamera mbali zonse. A Lufeyo ankayang'ana uku ndi uku, n'kukhotera kuseri kwake, n'kukhala thapsa panjerwa. Dzuwa likakwera ankatulutsa botolo la madzi, kuwaza pamalaya, kuwaza m'khwapa, pang'ono pamphumi. Kenako ankalowa pakhomo ali wefuwefu.

“Hmm-hmm. Phiri lija lafupika masiku ano, mayi a Tiyese. Tandipatsani tiyi.”

Koma njira ya ku uvuni inkadutsa pafupi ndi khonde la msuweni wawo, a Yotamu, mwana wa amalume awo. A Yotamu anali woonda ngati bango. Chimwalirireni akazi awo ankangokhala pakhondepo, dzanja lili patsaya, ndevu zili nyankhalala. Nawonso kuchipatala anawauza kuti aziyenda chifukwa cha matenda a shuga, koma ankangoti, “Ndiyende ndikaone yani?” M'mawa uliwonse ankaona nsapato zoyera zikulowa kuseri kwa uvuni zouma, eni ake n'kutulukako atanyowa. Sanauze munthu.

Ndiye linafika tsiku lina la chilimwe, dzuwa lotentha kuyambira m'mawa. A Lufeyo atamaliza kupumula anati aimirire. Mdima uja unabweranso, nthaka inazungulira, ndipo anagwa chammbali m'maudzu, pakati pa zibenthu za njerwa. Anati adzuke, miyendo inakana. Mkono umene anaugonera unachita dzanzi. Anati aitane, koma mawu a ng'oma aja anatuluka ngati a mwanapiye.

Anagona pamenepo dzuwa likuwawamba. Patapita nthawi anamva mawu kumsewu. Anali a Nankhoma, akuuza antchito a pachigayo.

“Thamangirani kuphiri. Amapita kumeneko tsiku lililonse. Muyang'ane m'mbali mwa njira monse.”

Mapazi anadutsa dididi, pafupi ndithu, n'kumka nazimiririka. Anthu onse owafunira zabwino anali akupita kuphiri kumene iwo sanapondeko n'kamodzi komwe, ndipo anawatuma kumeneko ndi iwo eni. A Lufeyo anatsinzina. Chimene ankaona ndi mphasa ya bambo awo, ndi phala likutsikira pachibwano.

Kenako udzu unachita tswatswa. Ndodo inatulukira, pambuyo pake a Yotamu, akupuma ngati akwera mtengo. Anali ataona kuti nthawi yotulukira yadutsa.

“Ndiye phiri lake ndi limeneli, msuweni?”

“Yotamu, ndikufa.”

“Ukufa ndi mimba yonseyi? Atakunyamule ndani? Takweza dzanja ndione. Linalo. Seka.”

“Ndiseke chiyani?”

“Seka basi, ndione ngati pakamwa papotoka. Ayi, n'poipa monga mwa masiku onse.”

A Yotamu anatola botolo lija n'kuwathira madzi kumaso. “Thukuta lako ili. Lero ligwireko ntchito yeniyeni.” Ndipo sanachoke pambali pawo kufikira anthu atabwera ndi ngolo.

Kuchipatala adokotala anati limeneli linali chenjezo chabe, ndipo lachiwiri silichenjeza. Atafunsa kumene wodwalayo anagwera, a Yotamu anangoti, “Panjira.”

A Lufeyo atapezako bwino, m'mawa wina kunamveka kugogoda.

“Odi. Msuweni, tuluka.”

“Mawa, Yotamu. Lero thupi silili bwino.”

“Ndili chilili pano. Amayi akudutsa kupita kumjigo, ndipo pakamwa panga payamba kuyabwa. Pali nkhani ya uvuni imene sanaimve.”

Chitseko chinatseguka msangamsanga, nsapato zili m'manja.

Tsiku limenelo anangofika pamlatho n'kubwerera, wina akudzandira ndi kulemera, wina ndi kupepuka. Koma panachitika chodabwitsa. Palibe anawafunsa kopita. Anthu ankapereka moni n'kupatuka mwaulemu. Munthu mmodzi woyenda wopanda kopita ndi wamisala, koma akuluakulu awiri oyenda akulozana zala ndiye kuti ali ndi nkhani yofunika. Nkhani yake inali yotsutsana za ng'ombe ya agogo awo, ngati inali yakuda kapena yamawanga. Ng'ombeyo inafa iwo asanamere mano, koma inawayendetsa mpaka mvula kugwa.

Si kuti ulesi unatha. Bulangeti linkalemerabe. Koma kamawu kaja kakati “mawa lilipo”, a Lufeyo ankadziwa kuti panja pali munthu waima pamphepo chifukwa cha iwo, ndipo munthu woima pakhomo sungamuwaze madzi a m'botolo. Analiponso masiku amene a Yotamu sankabwera, chisoni chitawagwira. Pamenepo a Lufeyo ndiwo ankapita, mokondwa ndithu, kukabwezera.

“Hmm-hmm. Odi kuno. Bango lija lathyoka kodi?”

“Pita wekha lero.”

“Ndikatsutsane ndi yani? Ng'ombe ija inali yakuda.”

“Yamawanga,” mawu ankatero m'nyumba, kenako kunkamveka kufunafuna nsapato.

Pang'onopang'ono mlatho unayandikira, dambo linayandikira, mpaka tsiku lina anaima pamwamba pa phiri lenileni, mudzi uli pansi ngati mbale. A Lufeyo anayamba kuonanso zala zawo za kumapazi, zimene anali atasiyana nazo kalekale, ndipo akuti anazipatsa moni chimodzichimodzi. Adokotala anasiya kupukusa mutu. A Yotamu anameta ndevu, n'kuyambanso kupempha ndiwo zowonjezera.

Tsiku lina la msika, akuchokera kuphiri, anadutsa pamtengo pamene abambo ankasewera bawo. Panali anthu ambiri. A Mwatitha ogulitsa nyama, amene pakamwa pawo panali pakuthwa kuposa mpeni wawo, anakweza mawu.

“Bwana Lufeyo, munthu wamkulu ngati inu kumachita kuperekezedwa ngati mkwatibwi? Mukuopa agalu, kapena afisi a masana?”

Anthu anaseka. A Lufeyo anamva kutentha kumaso, ndipo mawu akale aja anakwera okha.

“Hmm-hmm. Ine mantha? Ine ndinkafika kuphiri ndekha uyu asanayambe. Ndikungomuthandiza msuweni wangayu, yekha sangathe.”

A Yotamu anapita pachitsa, anakhala, n'kuyamba kumasula zingwe za nsapato mosafulumira.

“Zikomo pondithandiza, msuweni,” anatero. “Ndachira tsopano. Kuyambira mawa usavutike nane. Uziyenda wekha monga kale.”

Sananene za uvuni. Anangokutumula fumbi m'nsapato, maso ali pansi. Ogwira njere za bawo anaima nazo m'manja.

A Lufeyo anayang'ana msuweni wawo, n'kuganiza za m'mawa wa mawa. Chitseko chopanda wogogoda, bulangeti, kamawu kaja. Ankadziwa bwinobwino kumene miyendo yawo ikanakathera, ndi kumene njira imeneyo imafikitsa munthu. Ulemu wa pabawo unali wokoma, koma sukanawatembenuza pamphasa. Atalankhula, mawu awo sanali a ng'oma, anali a munthu wamba.

“Ndanama, anthuni. Ndekha ndinkathera kuseri kwa uvuni, ndipo thukuta linali la m'botolo. Phiri ndinaliponda koyamba ndili ndi uyu. Agalu sindiwaopa, a Mwatitha. Amene amandigonjetsa ndikakhala ndekha ndi Lufeyo yemweyu. Vala nsapato msuweni. Kuyenda awiri si mantha.”

Anthu a ku Kadzala amati mwambiwu unabadwira pabawo pomwepo, ngakhale midzi ina imaulimbirana. Akulu amaunena pamene munthu akuchita manyazi kupempha mnzake kuti agwirizane naye pa chinthu chovuta, poopa kuti anthu amuyesa wofooka. Tanthauzo lake ndi lakuti kufuna mnzako si kuchepa mtima, ndi kudziwa pamene mphamvu zako zimathera. Pali ntchito zina, monga kulimbitsa thupi, kuwerenga, kapena kusiya chizolowezi choipa, zimene sizilemera tsiku loyamba koma tsiku lililonse lotsatira. Pa ntchito zotere mtima wa munthu mmodzi umatopa, ndipo umadziwa kudzinamiza. Koma mitima iwiri kawirikawiri sitopa tsiku limodzi. Lako likakhala tsiku la ulesi, mnzako amagogoda, ndipo lake likafika, wogogoda ndiwe.